Poyeza chuku mu mtedza wa ku Mchinji: kusintha chimodzichimodzi kapena zonse pamodzi?

Mtedza wa ku Mchinji usanagulitsidwe kunja, umayenera kuyezedwa ngati uli ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, ndipo mayiko a European Union salola woposa mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza wodyedwa mwachindunji. Woyeza amapera mtedzawo n'kuusakaniza ndi methanol (mankhwala amadzimadzi osungunulira zinthu) ndi madzi kuti poizoniyo asungunukiremo. Chovuta ndi kudziwa kuti methanol achuluke bwanji, akhutchumule kwa mphindi zingati, ndiponso pa kutentha kotani.

Njira yozolowereka ndiyo kusintha chinthu chimodzi, zinazo zili chikhalire. Ndi yosavuta kuphunzitsa ndipo sifuna kompyuta, koma imabisa mmene zinthuzi zimakhudzirana. Nthawi yokwanira pamene methanol ali wochepa ikhoza kusiyana ndi yofunika pamene wachuluka, motero woyeza amakhutira ndi muyezo umene si wabwino koposa.

Njira yachiwiri, yotchedwa response surface methodology, imene akatswiri George Box ndi K. B. Wilson anaifotokoza mu 1951, imasintha zonse nthawi imodzi motsata ndondomeko yokonzeratu. Pa zinthu zitatu zija, ndondomeko ina ya njirayi yotchedwa Box-Behnken imafuna kuyesa maulendo 15 okha, atatu mwa iwo obwereza muyezo wapakati pofuna kuona kusinthasintha kwa zotsatira, pamene kuyesa milingo itatu ya chilichonse mosakaniza kukanafuna maulendo 27. Kumene methanol amachita kuitanitsa kutali, botolo lililonse lopulumutsidwa limawerengedwa.

Ine ndimaikonda njira yachiwiriyi, ngakhale masamu ake amangolosera. Muyezo umene kompyuta yasonyeza uyenera kuyesedwanso pa mtedza weniweni, wothiridwa poizoni wodziwika kuchuluka kwake, njirayo isanavomerezedwe.