VLC ndi zimbale za Blu-ray: pulogalamu yabwino imene ilibe makiyi

VLC, pulogalamu yaulere yoonetsera makanema yopangidwa ndi bungwe la VideoLAN la ku France, ndi imodzi mwa mapulogalamu ochepa amene ndingauze aliyense mosakayika kuti aike mu kompyuta yake. Ilibe zotsatsa malonda, sifuna kulembetsa dzina, ndipo imatsegula pafupifupi mtundu uliwonse wa fayilo ya kanema kapena nyimbo. Pa Windows ndi Mac, chimbale cha DVD chikangolowa filimu imayamba, chifukwa m'kati mwa VLC muli kachigawo kotchedwa libdvdcss komwe kamamasula CSS, loko amene amaikidwa pa ma DVD.

Vuto limabuka pa chimbale cha Blu-ray chogula m'sitolo. M'malo mwa filimu, pamatulukira kabokosi kodandaula za AACS, loko amene makampani a mafilimu amaika pa zimbalezi. A VideoLAN adalemba kachigawo kena, libaacs, kodziwa kutsegula lokoyu, koma makiyi ake sapereka. Munthu amayenera kudzipezera yekha fayilo yotchedwa KEYDB.cfg, ndipo ngakhale ataipeza, zimbale zatsopano zimatha kukana makiyi akale, popeza AACS idakonzedwa mwadala kuti kiyi amene watulukira poyera aziletsedwa.

Sindiwaimba mlandu a VideoLAN pa zimenezi, chifukwa lamulo ndi lomwe lidawamanga manja. Kiyi wotere ndi nambala chabe, yolembedwa ndi zizindikiro 32, ndipo n'kovuta kunena kuti nambala ndi ntchito yaluso yokhala ndi mwini monga nyimbo kapena buku. Eni loko amadalira njira ina: gawo 1201 la DMCA, lamulo la ku America la 1998, limaletsa kufalitsa chida kapena mbali ya chida chothyolera chitetezo cha ntchito zaluso. Pogwiritsa ntchito gawo limeneli, khothi la ku New York mu 2000 lidaletsa magazini ya 2600 kufalitsa DeCSS, pulogalamu yomasula DVD, ngakhale kuti Jon Lech Johansen, mmodzi wa oilemba, adapezeka wosalakwa kwawo ku Norway mu 2003. Kiyi wa AACS amene zizindikiro zake zoyambirira ndi 09 F9 atatulukira mu 2007, bungwe la AACS LA, lomwe limapereka zilolezo za lokoyu, lidatumiza makalata olamula kuti afufutidwe pa intaneti. A Digg, tsamba la pa intaneti logawanirana nkhani, adayamba amvera, koma anthu adamulemba mobwerezabwereza mpaka pa 1 Meyi Kevin Rose, mmodzi wa oyambitsa Digg, adalengeza kuti sadzafufutanso. Nambalayo idafika mpaka pa malaya ndi m'nyimbo.

Chondiwawa n'chakuti amene akuvutika ndi munthu amene adagula chimbale chenicheni ndi ndalama zake, pamene wokopera mafilimu mwakuba saliona n'komwe kabokosi kaja. Kwa wofuna kuonera mafayilo ndi ma DVD, VLC ndi yokwanira kotheratu. Koma amene ali ndi zimbale zambiri za Blu-ray ndi bwino agule makina oonetsera kapena pulogalamu yolipira yokhala ndi chilolezo cha AACS, monga PowerDVD.