Sola ya a Kaputeni: ntchito yodula ndi yochedwa, koma yoyesedwa bwino

Amalawi ambiri a ku Rosettenville ndi ku Turffontein akhala akufunsa za bambo achikulire amene amaika sola ndi ma inverter (zipangizo zosandutsa magetsi a m'batire kukhala ogwiritsa ntchito pa zinthu za pakhomo) m'nyumba za kumwera kwa Johannesburg, omwe anyamata awo amangowatchula kuti a Kaputeni. Ife tinawalemba ntchito pa nyumba imene timachita lendi, momwenso mayi a kunyumba amasokeramo zovala, ndipo chigamulo changa n'chakuti ntchito yawo ndi yabwino kwambiri, ngakhale kuti si aliyense amene angapirire mtengo wake ndi kachitidwe kawo.

Kachitidweko kamamveka munthu akadziwa kumene bambowa anachokera. Anaphunzira kuyendetsa ndege m'gulu lankhondo la South Africa pa ndege za Harvard ku Dunnottar, kum'mawa kwa Johannesburg, kenaka anakhala akuulutsa Impala, ndege yochokera ku Italy imene kampani ya Atlas inkapanga ku Kempton Park. Zimenezi zinali m'nthawi ya tsankho, pamene ndege zoterezi zinkamenya nkhondo kumalire a Namibia ndi Angola. Iwo sabisa za mbiri imeneyi ndiponso sainyadira, ndipo ine ndaitchula kuti wowalemba ntchito asadzaimvere kwa ena. Atasiya kuuluka anaphunzira uinjiniya n'kulowa ntchito pa fakitale yomweyo ya ku Kempton Park, imene inakhala mbali ya Denel, kampani ya boma yopanga zida za nkhondo, mu 1992. Popeza bungwe la United Nations linaletsa kugulitsa zida za nkhondo ku South Africa mu 1977, ndege zakale za Mirage III zinkakonzedwanso n'kukhala Cheetah, yomwe inaonetsedwa koyamba mu 1986 ndipo inapumitsidwa mu 2008 pamene kunabwera Gripen ya ku Sweden. Ntchito yawo ya systems engineer pa ndege yotereyi sinali kupanga injini kapena mapiko, koma kuonetsetsa kuti makompyuta, mawaya, magetsi ndi zonse zimene woyendetsa amaona patsogolo pake zikugwirizana, ndiponso kudziwiratu chimene chidzachitike china chikafa ndege ili m'mwamba.

Maganizo amenewa ndi amene anabwera nawo pakhomo pathu. Amisiri ena amene tinawaitanapo ankangoyang'ana denga n'kutchula mtengo, koma a Kaputeni anakana kutchula ndalama iliyonse asanayeze. Anamangirira kachipangizo koyezera magetsi pa bokosi la maswichi n'kukasiya pamenepo kwa masiku angapo, kwinaku atatipatsa pepala loti tizilemba nthawi imene tayatsa ketulo, simbi ndi makina osokera. Atabweranso anakhala nafe pa tebulo n'kugawa zinthu za m'nyumba m'magulu awiri, zimene siziyenera kuzima ndi zimene zikhoza kudikira magetsi a boma. Giza yotenthetsera madzi osamba, imene imadya mawati pafupifupi 3000, anaichotsa pa mndandanda popanda kukambirana, ndipo ketulo ya mawati 2000 inatsatira. Kunatsala firiji, magetsi ounikira, intaneti ndi makina awiri osokera.

Pa makinawo ndi pamene ndinaona kuti ndalama yathu sinapite pachabe. Anagwada pansi pa tebulo la makina, nayika dzanja pa mota imene inali kulira mayi a kunyumba asanaponde n'komwe, ndipo anati kwa iwo, kudzera mwa mnyamata wawo wa ku Dedza: "Mayi, mota iyi ikudya magetsi inu mukudula nsalu." Mota zakale za clutch zimazungulira nthawi yonse makina akayatsidwa, pamene za servo zimakoka magetsi pokhapokha munthu akamasoka. Anatilangiza kuti tisinthe mota ziwirizo tisanagule china chilichonse, ndipo chifukwa cha zimenezo batire imene tinafunika inakhala yocheperapo kusiyana ndi imene ena ankafuna kutigulitsa. Wamalonda amene amakuuzani kuti mugule zochepa sapezeka kawirikawiri mu mzinda uno.

Pa nkhani ya mabatire sanagonje. Ife tinkafuna otsika mtengo a lead-acid, koma anafotokoza kuti amenewa amawonongeka msanga akamatsitsidwa kupitirira theka, ndipo anatikumbutsa za chaka cha 2023, pamene magetsi ankathima kangapo patsiku moti mabatire ambiri sankapeza mpata wodzaza. Kuthima kwa magetsi kotsata ndondomeko kunachepa mu 2024, komabe kuba mawaya kumasiyabe madera ena mu mdima kwa nthawi yaitali, choncho tinagula ya lithium.

Tsiku lomaliza silinali loyatsa n'kulandira ndalama ayi. Anatulutsa mndandanda wolembedwa, monga amachitira woyendetsa ndege asananyamuke, ndipo mnyamata uja ankawerenga mzere umodziumodzi iwo n'kumayankha. Anazimitsa swichi yaikulu makina onse awiri akusoka kuti aone ngati ulusi ungadukize. Kenaka anandiuza kuti ndilumikize dala ketulo pa soketi ya inverter, chipangizocho chinalira n'kuzima, ndipo anandiimiritsa pomwepo mpaka nditachiyatsanso ndekha iwo manja ali kumbuyo. Pa khoma anamatapo pepala la masitepe oyenera kutsata zinthu zikavuta, ndipo mnyamata wa ku Dedza analilembanso m'Chichewa.

Zodandaulitsa zilipo. Mtengo wawo unaposa wa amisiri ena onse amene tinawafunsa, ndipo sachita za kunenerera. Ntchito imene ena amaimaliza Loweruka limodzi inatenga milungu, chifukwa chipangizo chimene analemba chikasowa m'sitolo amadikira, salola kuika china chofanana nacho. Mayi a kunyumba anataya maoda a mayunifolomu a sukulu m'nthawi yodikirayo, ndipo a Kaputeni anangopepesa mwachidule osasintha kalikonse. Amalankhulanso mwachisilikali: moni wawo ndi wa mawu awiri, mafunso ofunsidwa pa foni amati muwalembe, ndipo tiyi amene tinawakonzera anazizira pa tebulo. Kwa ife amene tinazolowera kuyamba ndi kufunsana za kunyumba, zimenezi zimaoneka ngati mwano, ngakhale ndikukhulupirira kuti iwo saganiza choncho.

Amene mumachita lendi mudziwiretu kuti sagwira waya uliwonse popanda kalata ya mwini nyumba, ndipo polumikiza ku bokosi la maswichi amabwera ndi katswiri wa magetsi wolembetsedwa kuti apereke Certificate of Compliance, chikalata chotsimikizira kuti mawaya aikidwa moyenera, chimene malamulo a dziko lino amafuna ndiponso chimene a inshuwalansi amafunsa nyumba ikapsa. Okhala m'zipinda za kuseri, momwe magetsi amachita kukokedwa ndi chingwe kuchokera ku nyumba yaikulu, amawakaniratu. Mnansi wathu wina anawapempha kuti amuikire mapanelo awiri okha pa chipinda chotere, ndipo anamulangiza kuti agule kabokosi ka batire konyamula m'manja, kamene angadzapite nako ku Malawi pobwerera, osamulipiritsa kanthu pa malangizowo.