Kuyendera matchalitchi akale a ku Kraków ndi gaidi: amadziwa zinthu, koma liwiro lake landidandaulitsa

Amene mwakhala mukundifunsa za ulendo wa ku Poland uja, makamaka azimayi a ku mphakati kwathu ku Chilomoni ndi anzanga a kwaya, ndingokuyankhani nonse pakamodzi. Gaidi mulipireni ndithu, ndalama yake siipita pachabe, koma musamupatse tsiku lanu lonse ayi, makamaka ngati mukupita kukapemphera osati kungoona zinthu ndi kujambulitsa.

Mzinda wake ndi Kraków, kummwera kwa Poland, ndiwo unali likulu mafumu asanasamukire ku Warsaw. Ine ndinaperekeza azakhali anga kukaona mwana wawo amene ali pa sukulu kumeneko ndiye mwanayo ndi amene anatipangira bukingi pa intaneti. Sevisi yake ndi yoyenda wapansi, kagulu kochepa, gaidi amayankhula Chingerezi, aliyense amapatsidwa kawailesi ndi tomvera ta m'khutu kuti gaidi asamachite kukuwa m'tchalitchi, ndipo matikiti olowera amakhala awerengeredwa kale mu mtengowo. Makampani otere alipo ambirimbiri koma njira yawo ndi pafupifupi imodzi, kuyambira pa bwalo lalikulu la Rynek Główny kutsetsereka ndi msewu wa Grodzka mpaka pa kaphiri ka Wawel. Ndalama ya kumeneko ndi złoty osati yuro, musanyamule mayuro poganiza kuti ku Ulaya konse ndi chimodzimodzi, koma khadi ya ku banki imagwira pafupifupi paliponse. Mtengo wa gaidiyo mukawusintha m'makwacha ndi ndalama yambiri ndithu, nchifukwa chake ndikufuna mudziwe chimene mukugula.

Tinayambira pa tchalitchi cha Amayi Maria, eni ake amati Kościół Mariacki, chanjerwa zofiira chokhala ndi nsanja ziwiri zosalingana, yaitaliyo kupitirira mamita 80 inayo 69. Apa ndi pomwe ndinaona ubwino wa gaidi. Wathu anali mayi wachikulire ndithu ndipo anatilowetsa nthawi yabwino mwadala, chifukwa guwa lalikulu la m'menemo limakhala lotseka ngati kabati, amalitsekula ikamakwana 11:50 m'mawa. Tokha sitikanadziwa zimenezo. Anthu anangoti zii, kenako anabwera sisitere ndi ndodo yaitali yokhala ndi kangowe kunsonga, nkukola chitseko chimodzi nkumachikoka pang'onopang'ono, kenako chinacho, abale zomwe zinaoneka mkatimo ine tsitsi linachita kunyanyuka. Amayi Maria atagwada akulefuka pa nthawi yawo yotsiriza, mtumwi wina atawagwirira kumbuyo, atumwi enawo atazungulira aliyense ndi nkhope yake ya chisoni, pamwamba pake nkumaoneka akutengedwa kupita kumwamba. Zonsezo ndi mtengo wosema, anthu akewo ndi aatali pafupifupi mamita atatu, ndipo ukayang'anitsitsa umaona mitsempha ya m'manja, makwinya a pachipumi, ndevu zopotanapotana, zala za kumapazi. Anasema ndi Veit Stoss wochokera ku Nuremberg, anayamba mu 1477 nkumaliza mu 1489, zaka 12 munthu ali pa ntchito imodzi. Likatsekulidwa lonse limatalika mamita 13, m'lifupi 11. Gaidi anatifotokozeranso kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse eni ake analiphwasula nkukalibisa koma asilikali a Hitler analipezabe nkupita nalo ku Nuremberg, linadzabwerera ku Kraków mu 1946. Denga la tchalitchichi ndi labuluu lodzadza nyenyezi zagolide, khosi limachita kuwawa nkuyang'ana kumwamba koma sufuna kusiya.

Chinthu chimodzi chimene chinandisangalatsa, ndipo ndikanakonda gaidi akanatiuza poyambirira osati potuluka, tchalitchichi chili ndi makomo awiri. Alendo ongoona amalowera khomo la m'mbali ndi tikiti nkukhala kufupi ndi guwa, koma wobwera kudzapemphera amalowera khomo lalikulu lakumaso ulere. Ndiye pamene ife timayang'ana zosema, cha kumbuyoko kunali agogo atagwada ndi kolona m'manja, anyamata a zikwama kumsana kungolowa kuchita chizindikiro cha mtanda nkutuluka. Ndi tchalitchi chamoyo, si nyumba yosungiramo zakale.

Koma liwiro linayambira pomwepo. Guwa litangotsekulidwa sipanapite mphindi zingapo gaidi anayamba kutikodola kuti tituluke tikamve lipenga la 12 koloko. Lipengalo ndi labwino sindikukana, ola lililonse usana ndi usiku munthu amaliza pa kawindo ka nsanja yaitali ija, kanayi, kuyang'ana mbali zonse zinayi za mzinda, ndipo nyimbo yake imadukira panjira siimatha. Amati nkukumbukira mlonda amene analasidwa muvi pakhosi akuchenjeza anthu kuti adani a Chimongoli afika, nkhondo yake ndi ya mu 1241 ngakhale nkhani ya muviyo ndi nthano ya makolo awo. Oliza lipenga masiku ano ndi ozimitsa moto, akamaliza amatulutsa dzanja pawindo nkubayibitsa anthu pansi. Komano poti limalira ola lililonse, tinathamangiranji? Tikanatha kulimva 1 koloko kapena madzulo patokha. Guwa lija ndi limene limafunika nthawi.

Kuchoka apo tinakhotera pa tchalitchi cha a Franciscan. Mkati ndi mwamdima pang'ono, makoma ojambulidwa maluwa, ndipo ukatembenuka kuyang'ana pamwamba pa khomo lomwe walowera pali windo lalikulu lagalasi lamitundumitundu losonyeza Mulungu Atate atakweza dzanja polenga dziko, ntchito ya Stanisław Wyspiański. Apanso popanda gaidi ambiri amangodutsa osatembenuka. Patsidya pa msewu, pa Franciszkańska 3, ndi pa nyumba ya episkopi pomwe ankakhala Karol Wojtyła, amene anali arkiepiskopi wa Kraków kuyambira 1964 mpaka anasankhidwa kukhala Papa John Paul wachiwiri pa 16 Okutobala 1978. Windo lomwe ankayimapo kucheza ndi achinyamata akabwera kwawo ngati Papa lilipo, anaikapo chithunzi chake.

M'tchalitchi cha a Franciscan chomwechi muli benchi cha kumbuyo yokhala ndi kachitsulo kolembedwa, yomwe iyeyo ankakonda kukhalapo popemphera. Azakhali anga analipo ku Njamba mu 1989 pamene Apapa anadzachita Misa kuno ku Blantyre, nkhani imeneyo amaikamba mpaka lero, kuti anadzuka usiku kuyenda wapansi ndi mwana kumbuyo. Ndiye atamva za benchiyo anangopita nkugwada, misozi mbwembwembwe. Gaidi anadikira pang'ono kenako nkuyamba kuyang'ana wotchi, gulu lonse lili pakhomo. Azakhali anandikoka malaya nkunena kuti “mwana wanga, awuze amayiwa andidikireko kaye, ndingomaliza Tikuoneni Maria khumi basi.” Ndinawapempha, anavomera mwaulemu ndithu, koma ananena kuti matikiti a ku Wawel ali ndi nthawi yake. Ndinachita kuwadzutsa azakhali asanamalize. Chimenecho chinandipweteka mtima kwambiri ndipo sindikumuda mayiyo, vuto ndi pulogalamu ya kampani yomwe inapanikiza zinthu zambiri m'maola ochepa ngati kuti aliyense wobwera ndi wongojambula.

Pa Grodzka tinangodutsa. Tchalitchi cha Petulo ndi Paulo Oyera chomwe anamanga a Jesuit, chili ndi ziboliboli za atumwi 12 pampanda kumaso, ndipo pambali pake pali kena kamiyala ka Andrea Woyera, kakale kwambiri, komangidwa chaka cha 1100 chisanafike, komwe anthu anabisalamo nkupulumuka Amongoli aja atawotcha mzinda. Tinaziona kunja kokha.

Wawel ndiye pachimake. Kaphiri kali m'mbali mwa mtsinje wa Vistula, pamwamba pali nyumba ya mafumu ndi tchalitchi chachikulu cha dayosizi. Ife kuno timanyadira St Michael and All Angels ya ku HHI kuti ndi yakale poti inatha mu 1891, ndipo ndi yakaledi, koma ichi anachidalitsa mu 1364, dayosizi yakeyo inayamba m'chaka cha 1000. Pakhomo penipeni apachika mafupa akuluakulu pa matcheni, ana amauzidwa kuti ndi a chinjoka chomwe chinkakhala kuphanga pansi pa phirilo koma gaidi anati ndi a nyama zakale ngati namgumi. Ukangolowa maso amafikira pa bokosi lasiliva pakatikati pa tchalitchi, muli mafupa a Stanislaus Woyera, episkopi wa Kraków amene anaphedwa mu 1079 atayambana ndi mfumu Bolesław. Apa gaidi anafotokoza bwino zedi, mosathamanga, ndipo ine ndinakumbukira maepiskopi athu ndi kalata yawo ya mu 1992 mmene anawopsezedwera chifukwa chonena chilungamo. Mafumu a Poland ankavekedwa ufumu m'menemo ndipo ambiri anaikidwa momwemo, kulinso manda a mfumukazi Jadwiga amene Apapa omwewa anamutcha woyera mu 1997. Pansi pa tchalitchichi kuli kachipinda kamiyala kozizira ka Leonard Woyera, m'menemo ndi momwe Wojtyła anachitira Misa yake yoyamba pa 2 Novembala 1946, tsiku la mizimu ya okhulupirira, atangodzozedwa unsembe dzulo lake. Kachipinda kopanda zokongoletsa zambiri, mizati yaifupi, koma ine ndi pamene ndinamva kuti ndafikadi. Kujambula mkati mwa tchalitchichi saloleza ndipo alonda ake sachita nthabwala, foni ingokhala m'thumba.

Belu la Sigismund likuyenera ndime yakeyake. Analiumba mu 1520, likulemera matani oposa 12 mukaphatikiza zonse, ndipo kuti lilire pamafunika amuna 12 kukoka zingwe, nchifukwa chake amangoliza pa masiku akuluakulu monga Pasaka ndi Khirisimasi. Kuti ukalione umakwera masitepe amatabwa opapatiza, otsetsereka, malo ena umachita kuwerama ndi kudzipanikiza pakati pa mitanda ikuluikulu yamatabwa yomwe yasalala nkugwiridwa ndi manja a anthu. Ukafika pamwamba belulo lili pamutu pako, lakuda bii, ndipo aliyense amatambasula dzanja kukhudza chitsulo cholizira cha mkati mwa belulo. Mzinda wonse umaoneka pawindo. Dandaulo langa ndi loti pa bukingi sanalembe paliponse kuti masitepe ake ndi otere. Munthu wa mawondo, wa BP, mayi woyembekezera, asayese. Azakhali anangoona poyambira nkubwerera, anakakhala pa benchi pansi ndipo tikiti yawo ya belu inapita chabe. Kampani yolandira ndalama za anthu achikulire imayenera kuchenjeza zinthu ngati zimenezi. Za zimbudzinso gaidi sanatchule mpaka wina anachita kufunsa, ndipo zambiri ndi zolipira choncho sungani timakobili.

Tsopano ku Łagiewniki, dera lina la mu Kraków momwemo, ku malo oyera a Chifundo cha Mulungu. Kampani yomweyo imagulitsa ulendo wa kumeneko padera koma ine ndikuti musagule, pitani nokha. Tramu, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda, imakafika, tikiti yake ndi yotchipa, kulowa ndi ulere ndipo palibe wokuwerengerani mphindi. Kumeneko ndi komwe kuli manda a sisitere Faustina Kowalska, anabadwa mu 1905 nkumwalira mu 1938, anatchedwa woyera pa 30 Epulo 2000. M'katchalitchi kakang'ono ka masisitere muli chithunzi chija cha Yesu Wachifundo chokhala ndi kuwala kofiira ndi koyera, chomwe chili m'nyumba zambiri kuno kwathu, ndipo mafupa a Faustina ali pansi pa chithunzicho. Anthu amakhala pamzere mwakachetechete, aliyense kugwada nthawi yake. Tinafika isanakwane 3 koloko masana dala kuti tipezeke pa Ola la Chifundo, masisitere akutsogolera kolona ya Chifundo m'Chipolishi ife tikuyankha m'Chichewa chamumtima, ndipo sizinasokoneze chifukwa kayendedwe ka pempheroli ndi komweko komwe timachita ku parishi. Pafupi pake pali tchalitchi chachikulu chatsopano chomwe Apapa anadalitsa mu 2002, ndipo mukayenda pang'ono kuwoloka kamlatho mufika pa malo okumbukira John Paul wachiwiri, pomwe akusunga mkanjo woyera wokhala ndi magazi womwe anavala tsiku lomwe anawomberedwa, pa 13 Meyi 1981. Dera lomwelo ndi komwe kunali fakitale ya Solvay komwe ankagwira ntchito ali mnyamata nthawi ya nkhondo. Azakhali anakhala mpaka anakhutira, tinabwerera kutada.

Ndiye pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka. Gaidi payekha akanatenga zonse zisanu, amadziwa mbiri, Chingerezi chake chimamveka, mafunso amayankha mosanyinyirika, ndipo chifukwa cha iye sitinaime pamzere wa matikiti. Zomwe ndachotsazo ndi za liwiro ndi kusachenjeza za masitepe. Amene mukupita pagulu la parishi, kambiranani ndi kampani musanalipire kuti mukufuna gaidi wanuwanu ndi mphindi zopemphera pa tchalitchi chilichonse, sonkhanani ndalama yowonjezerayo, kapena mutenge gaidi tsiku loyamba kenako mawa lake mubwerere nokha kudzera makomo aulere aja. Valani nsapato zafulati chifukwa misewu ndi yamiyala, juzi musaiwale ngakhale kunja kutakhala dzuwa poti m'matchalitchimo mumazizira, ndipo zovala zikhale zaulemu monga timachitira ku Misa. Bukingi musaike Lamulungu, m'mawa wonse kumakhala ma Misa ndipo ongoona saloledwa mpaka masana.