Ogonetsa anasamala mtima wa amayi anga, koma nthawi sanasunge

Amayi anga ali ndi zaka 67, ali ndi shuga ndi BP, ndipo akayenda msanga pochokera ku msika wa ku Kawale pachifuwa pamawagwira ngati wina wawakhalira. Ndiye adokotala atati miyala ya m'ndulu ikufunika opaleshoni, mantha anga sanali pa mpeni ayi, anali pa kugonekedwako. Ndemanga iyi ndi ya ogonetsa a pa chipatala cha pulaiveti chomwe tinapita mu Lilongwe muno.

Dzulo lake bambo ogonetsawo anakoka mpando, nkupempha jumbo ya mankhwala. Anatulutsa kabotolo kamodzikamodzi akuwerenga. Atafika pa glibenclamide, mankhwala a shuga, anati, "Amayi, awa mawa m'mawa musamwe. Mukhala osadya, shuga angagwe."

Ndinafunsa za mpweya wogonetsa. Anati agwiritsa ntchito sevoflurane, osati halothane amene amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Kenako anandifotokozera zomwe sindinamvepo. Mu 1986 ku Duke University ku America, ofufuza anatseka mtsempha wa mtima wa agalu kanayi, mphindi 5 ulendo uliwonse, kenako nkuutseka mphindi 40. Mnofu wa mtima womwe unafa unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa agalu omwe anangotsekeredwa kamodzi. Mtimawo umakhala ngati wachenjezedwa, nkukonzeka. Mu 1997 ofufuza ena anapeza kuti isoflurane, mpweya wina wogonetsa wa gulu la sevoflurane, amachitanso chimodzimodzi osatseka mtsempha. Amatsegula timakomo ta potaziyamu pa mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo, ndipo selo limapirira magazi akachepa. Chinandidabwitsa nchakuti glibenclamide wa amayi uja amatseka timakomo tomweto, ndipo pa nyama ankafafaniza chitetezocho.

Apa ndi pomwe ndinawakhulupirira, chifukwa sanakometse nkhani. Anati kafukufuku wa MYRIAD wa 2019, wa odwala 5,400 a opaleshoni ya mitsempha ya mtima, sanapeze kusiyana kwa imfa patatha chaka pakati pa ogonekedwa ndi mpweya ndi ogonekedwa ndi mankhwala a mu mtsempha. "Mpweyawu ungathandize," anatero, "koma chomwe ndidalire ndi kusalola BP igwe, ndi kusalola mtima uthamange."

Dandaulo langa ndi limodzi, ndipo ndi lalikulu. Anatiuza 8 koloko, koma amayi analowa m'thiyeta cha m'ma 1 masana. Munthu wa shuga, wosadya chiyambire usiku, milomo gwa! Anesi anawayeza shuga kawiri ndi kuwaika dripu, komabe palibe anabwera kudzatiuza chomwe chikuchedwetsa. Ndinachita kukafunsa ndekha katatu.

Ogonetsa ndawapatsa nyenyezi 5, chipatala 3. Amayi anatsitsimuka osasanza, ECG (yoyeza kagundidwe ka mtima) ya mawa lake inali ngati ya kale, ndipo bambo aja anabweranso m'wodi atavala kale zopitira kwawo, kudzawagwira pamkono ndi kufunsa ngati pachifuwa pali bwino.