Senga Bay Kapena Nkhotakota: Kokaonera Nyanja M'thumba Muli Mochepa

Anthu ambiri a ku Lilongwe akalakalaka nyanja amathamangira ku Senga Bay, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu. Kuchokera mumzindawu kukafika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo ukatsika pabomapo kwatsala makilomita ngati 20 okha kuti uponde mchenga. Munthu akhoza kulawirira m'mamawa, kukasambira, kudya nsima ya chambo n'kubwerera tsiku lomwelo osalipira malo ogona. Kuti ukafike ku Nkhotakota uyenera kuwonjezera makilomita oposa 100 kulowera kumpoto pamsewu wa M5, choncho ulendo wake umafuna kugona ndithu. Pa nkhani ya mayendedwe, Salima wapambana popanda mkangano.

Vuto n'lakuti ndalama imene wasunga panjira imakathera pagombe. Ku Senga Bay mchenga wabwino wambiri uli kutsogolo kwa mahotela ndi maloji, ndipo ena mwa iwo amalipiritsa polowa ngakhale mlendo asakugona. Boti lopita ku chilumba cha Namalenje, chimene alendo amachitcha Lizard Island, nalonso limafuna ndalama, ndipo nzeru yake ndi kupita muli gulu, kugwirizana mtengo musanakwere, ndi kufunsitsa ngati mtengowo ukuphatikizapo ulendo wobwerera. Ku Kuti Wildlife Reserve, kufupi ndi boma, kumalipidwa pageti, koma kumeneko sindidandaula nako, chifukwa kulibe mikango kapena njovu, motero munthu amayenda wapansi kapena panjinga pakati pa mbidzi ndi agwape osalemba galimoto. Chaulere chenicheni ku Senga Bay ndi gombe la asodzi m'mawa, pamene mabwato akubwera ndi usipa ndipo amayi akuyanika pamathandala.

Nkhotakota ndi wosiyana, chifukwa chuma chake chachikulu ndi mbiri, ndipo zambiri zoona kumeneko zili poyera. Tauniyi inali doko lalikulu la malonda a akapolo ndi minyanga kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikika kumeneko n'kumawolotsa anthu kupita kutsidya la kum'mawa. Mtengo wa mkuyu umene umakumbukiridwa kuti David Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pake m'zaka za m'ma 1860 uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, mmene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira m'nyanja mu 1895 ndipo dzina lake linapatsidwa kwa sitima ina yakale ya panyanjayi. Zonsezi munthu amaziona m'mawa umodzi woyenda wapansi, ndipo akatopa amakwera kabaza kupita ku akasupe a madzi otentha a Mawira. Ine ndimaona kuti mwana wa sukulu amene waima pansi pa mkuyu uja amabwerako ndi zambiri kuposa amene wangosambira tsiku lonse.

Amene amakonda za madoko adzapeza kusiyana kwina. Salima ali ndi doko la Chipoka, lomwe linalumikizidwa ndi njanji, koma masiku ambiri pamakhala zii. Ku Nkhotakota sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, siifika pamtunda. Imaima patali, ndipo anthu, matumba ndi mitolo zimatutidwa pamaboti ang'onoang'ono, zomwe n'zosangalatsa kuonerera ngati tsiku lako lagwirizana ndi la sitimayo.

Pachakudya ndimaikanso Nkhotakota patsogolo, chifukwa mpunga ndi chinangwa zimalimidwa komweko, ndipo kondowole wa nsomba yaiwisi m'malo odyera a anthu wamba samufunsa mlendo mtengo wa ku hotela. Ogula ndiwo zopita nazo kwawo amaima pa mlatho wa Chia, kum'mwera kwa boma, kumene ogulitsa nsomba amadikira magalimoto.

Pamene thumba laling'ono limagonja ndi ku nkhalango ya Nkhotakota, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,800. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Ngakhale Amalawi amalipira zochepa pageti poyerekeza ndi alendo akunja, kukafikako ndi kuzungulira mkati kumafuna galimoto, choncho popanda anzako ogawana nawo mtengo wa mafuta ndi bwino kuiika pa ulendo wina.

Wokhala ndi tsiku limodzi ndi ana ofuna madzi apite ku Senga Bay atanyamula kamba wa kunyumba. Wokhala ndi masiku awiri kapena atatu apitirire mpaka ku Nkhotakota, agone m'resitihausi ya pa boma m'malo mwa loji ya kugombe, ndipo ngati ndi pakati pa June ndi August, pamene mwera umawindula nyanja, za boti aziiwale.