Shopu ya betting pafupi ndi depoti ya Kasungu, nyenyezi ziwiri basi

Chilungamo chake malowa ndi aukhondo, ma TV akuluakulu, magetsi akazima jenereta imayaka nthawi yomweyo, ndipo ukawina sakuvutitsa amakupatsa dollar yako pompo. Asisi apa kaunta aulemu kwambiri.

Koma abale ine zandipweteka ndi zina. Mchimwene wanga anayamba ndi K500 pa Arsenal, mongocheza, lero ndalama za fodya zonse za chaka chino zinathera pabenchi ija, kenako ngongole ya pafoni, kenako katapila K50,000 kubweza K75,000 mwezi umodzi, atalephera kubweza akatapilawo anabwera kudzatenga njinga yomwe amapangira kabaza. Alamu anga akugulitsa mandasi kuti ana apeze fizi.

Ndinapitako Loweruka kukamusaka. Pansi matikiti ong'ambika mbwee, anyamata maso pa sikilini osaphethira, wina akupempha mnzake K200 yoti "abweze" zomwe waluza m'mawa. Chikwangwani choti osakwana zaka 18 asalowe chilipo pachitseko koma palibe amene amafunsa ID, ndinaona ana ovala yunifolomu awiri. Ndipo munthu akaluza tsiku lonse palibe womuuza kuti achimwene pitani kunyumba, bola akulipira.