Q-Collar, kolala imene Luke Kuechly ankavala: imagwira ntchito yanji ndipo imalephera pati

Aliyense amene ankaonera Carolina Panthers, timu ya mpira wa ku America, kuyambira mu 2017 anaona kachinthu kokhota pakhosi pa Luke Kuechly, kumbuyo kwa khosi kutulukira pang'ono pamwamba pa jezi nambala 59. Kachinthu kameneko ndi Q-Collar, kolala yopangidwa ndi kampani ya Q30 Innovations ya ku Connecticut. Imagulitsidwa pamtengo wa madola pafupifupi 200, ndipo makolo ambiri a anyamata osewera mpira wa ku America amaigula ali ndi chikhulupiriro choti iteteza ubongo wa mwana wawo. Chikhulupiriro chimenechi n'chachikulu kuposa zimene kolalayi inasonyeza kuti ingachite, ndipo mbiri ya Kuechly yemweyo ndiyo imaonetsa bwino malire ake.

Tiyambe ndi ntchito ya linebacker, malo amene Kuechly ankasewera, chifukwa ndi imene imachititsa kuti munthu afune chida chotere. Linebacker wa pakati, amene amamutcha Mike, amaima mayadi anayi kapena asanu kumbuyo kwa mzere wa anzake otchinga. Mtunda umenewo ndi wokwanira kuti iye ndi munthu wobwera ndi mpira atenge liwiro asanagundane. Akapanda kukumana ndi running back, wothamanga ndi mpira uja, amakumana ndi guard, wosewera wa pamzere wakutsogolo wa timu inayo, wolemera makilogalamu oposa 130 amene watumidwa kudzamuchotsa panjira. Kuechly, wa msinkhu wa mamita 1.91 ndi makilogalamu pafupifupi 108, anagwetsa anthu ka 532 m'zaka zitatu zokha ku Boston College, ka 191 mwa amenewo m'chaka cha 2011 pamene anapata Butkus Award, mphoto ya linebacker wopambana. Panthers inamusankha pa nambala 9 pa chisankho cha osewera atsopano mu 2012. Anatenga mphoto ya wotchinga watsopano wopambana chaka chomwecho, n'kudzatenganso ya wotchinga wopambana onse mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, mu 2013. Pofika posiya mpira anali atagwetsa anthu koposa ka 1,000 mu ligiyi. Kugwetsa kulikonse ndi kugunda kumene mutu umamva, ngakhale chisoti chitapanda kukhudzana ndi cha mnzake, ndipo apa sitinawerenge za pokonzekera masewero.

Ganizo la kolalayi ndi lakuti ubongo sunadzaze chigaza chonse. Umayandama m'madzi ake, ndipo mutu ukaima mwadzidzidzi ubongo umapitirirabe kuyenda. Chisoti chimateteza fupa ndi khungu koma sichingaletse kuyenda kwa m'katiko. Q-Collar imapanikiza pang'ono mitsempha iwiri ikuluikulu ya m'mbali mwa khosi imene imabweza magazi kuchokera kumutu kupita kumtima. Magazi akamatsika mochedwerapo, otsala m'chigaza amachuluka pang'ono, kampani imati ngati supuni yaing'ono imodzi, ndipo malo oti ubongo ugwedezekere amachepa. Amene ananyamulapo ndowa pamutu akudziwa kuti ya theka ndiyo imakhavuka kwambiri kusiyana ndi yodzaza. Mitsempha yokweza magazi kupita kumutu ili ndi mphamvu zambiri, choncho kupanikiza kochepa kotere sikuitseka.

Kapangidwe kake n'kabwino, apa sitingatsutse. Ndi yopepuka, ilibe batire, ilibe zingwe kapena zomangira. Yapindika ngati chilembo cha C, kukamwa kwake kumakhala kutsogolo kuti kholingo lisapanikizike, ndipo nsonga ziwirizo ndi zimene zimagwira m'mbali mwa khosi. Imalowa bwino pakati pa chisoti ndi zotchinga mapewa. Masiku oyamba munthu amamva kulemera kumaso ndi kuthina ngati wamanga tayi mwamphamvu, makamaka akawerama kapena akamafuula. Kwa Mike zimenezi si nkhani yaing'ono, poti iye ndiye amalandira mawu a kochi pa wailesi ya m'chisoti n'kumakuwira anzake 10 kaimidwe kawo. Choncho kolala yatsopano iyambe kuvalidwa pokonzekera, osati tsiku la masewero.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa saizi. Muyeso umatengedwa ndi tepi ya telala, yogwira khungu lenileni pakati pa khosi, munthu ataima chilili, mutu uli wowongoka, ndipo masaizi ake ali m'mainchi. Tepi ikakhala yokhwefuka mumagula yaikulu, imene imangozungulira pakhosi popanda kupanikiza mtsempha uliwonse, ndiye kuti ndalama zapita pachabe. Yaing'ono imapweteka, imasiya zipsera zofiira, ndipo mnyamata amaivula n'kuisiya m'chikwama. M'bokosi mumakhala kachida koyezera mpata wa pakati pa nsonga ziwirizo kolala ili pakhosi, ndipo nkofunika kubwereza muyeso umenewu. Khosi la linebacker wa zaka 15 kapena 16 amene wayamba kunyamula zitsulo limakula m'miyezi yochepa, moti saizi ya mu August ikhoza kukhala itathina pofika chaka chotsatira. Kuikoka mwamphamvu povala kumaikulitsa kukamwa, kupanikiza n'kuchepa munthu osadziwa.

Tsopano umboni, umene ndi phata la nkhani yonse. Mu February 2021 bungwe la FDA la ku United States, loona za zakudya, mankhwala ndi zida zachipatala, linalola kuti Q-Collar igulitsidwe kwa osewera a zaka 13 kupita m'tsogolo. Linadalira kwambiri kafukufuku wa anyamata 284 osewera mpira wa ku America kusekondale: 139 anavala kolala, 145 sanavale, ndipo onse anawajambula ubongo ndi makina a MRI nyengo ya masewero isanayambe komanso itatha. Mwa osavala, 73 pa 100 alionse anaonetsa kusintha m'kati mwa ubongo. Mwa ovala, 77 pa 100 alionse sanaonetse kusintha kwakukulu. Manambalawa ndi okopa. Koma FDA yomweyo inanena poyera kuti umboniwo sukusonyeza kuti kolalayi imaletsa concussion, kuvulala kuja kumene ubongo umagwedezeka munthu n'kuchita chizungulire, kusokonezeka kapena kukomoka. Chimene anayeza ndi zithunzi, osati kuganiza kwa anyamatawo, kukumbukira kwawo, kapena thanzi lawo patapita zaka 20. Akatswiri ena anena kuti kusintha kwa mtundu umenewu pa MRI n'kovuta kumasulira, ndipo sizinatsimikizike kuti kuchepa kwake kumatanthauza ubongo wotetezeka. Onjezani kuti kafukufuku wambiri wa kolalayi anachitika ndi ndalama za kampani yoigulitsa. Zimenezo sizikutanthauza kuti ndi wabodza, koma wogula ali ndi ufulu wofuna kuti ena osadyapo kanthu abwereze ntchitoyo. Nkhani ya gogomole imene inkatchulidwa kwambiri poitsatsa, yoti mbalameyi imateteza ubongo wake mofananamo pogogoda mtengo, nayonso akatswiri a zamoyo aikayikira.

Kuechly anavulala mutu m'masewero oyamba a 2015 ku Jacksonville n'kukhala panja masewero atatu. Mu November 2016, akusewera ndi New Orleans Saints, anamutulutsa m'bwalo pa kagalimoto akulira, akulephera kupuma bwino, ndipo sanasewerenso masewero asanu ndi limodzi otsala. Chithunzi chimenecho chimapweteka mtima mpaka lero, chifukwa anali munthu wa zaka 25 amene miyezi ingapo m'mbuyomo anali atasewera Super Bowl 50, masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL. Mu 2017 anayamba kuvala kolala. Mu October chaka chomwecho, pa masewero ndi Philadelphia Eagles, anavulalanso mutu ali nayo pakhosi, n'kuphonya masewero amodzi. Nyengo ziwiri zotsatira anasewera masewero onse, ndipo oikonda kolalayi amaloza pamenepo. Munthu mmodzi satsimikizira kanthu mbali iliyonse, komabe zimene zinachitika usiku wa Eagles uja n'zogwirizana ndendende ndi chenjezo la FDA. Mu January 2020 anasiya mpira ali ndi zaka 28, akadali mmodzi mwa opambana pa malo ake.

Pali anthu amene sayenera kuivala n'komwe: amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa madzi m'chigaza kapena m'maso losalamulirika, odwala khunyu, amene anaikidwa kapaipi kochotsa madzi mu ubongo kapena mumsana, amene magazi anawaundanapo m'mitsempha ya kumutu, amene ali ndi zilonda pakhosi, ndiponso aliyense amene akumvabe zizindikiro za concussion. Chomalizachi n'chimene chimatiopsa kwambiri. Mnyamata amene wagundidwa Lachisanu, mutu ukumuwawa Lolemba, akhoza kuganiza kuti kolala imulola kubwerera msanga. Simulola. Ndipo wosewera amene akudzimva wotetezeka amatsitsa mutu pogwetsa mnzake, kumene kuli kagwetsedwe koopsa kuposa konse ku ubongo ndi ku mafupa a khosi.

Tikaika zonse pa sikelo, Q-Collar ndi chida chomaliza kugula, osati choyamba. Madola oyamba apite ku chisoti chokwana bwino chimene chinapeza nyenyezi zambiri pa mayeso a yunivesite ya Virginia Tech, chopopedwa kapena kuikidwa zofewa za m'kati molingana ndi mutu wa mwiniwake, lamba wa pachibwano ali wothina. Kenako kochi wophunzitsa kugwetsa ndi phewa, maso ali m'mwamba, komanso wochepetsa kugundana kwathunthu pokonzekera. NFL yomwe mu 2022 inalamula kuti ma linebacker azivala Guardian Cap, chofewa chovekera pamwamba pa chisoti, pa misasa yokonzekera. Banja limene lakwanitsa zonsezi, lafunsa dokotala, ndipo lili ndi madola 200 otsala likhoza kuigula, likudziwa kuti likugula mwayi wosatsimikizika wochepetsa kugunda kwa tsiku ndi tsiku basi. Isavalidwe kupitirira maola anayi nthawi imodzi, ndipo ikagwira ntchito zaka ziwiri kapena ikafika tsiku lake lothera mphamvu isinthidwe, choncho mnyamata woyamba nayo ali ndi zaka 14 adzafunika ziwiri kapena zitatu asanamalize sekondale.